Booster wa m'botolo ndi nzimbe za ku Chongwe

Kuchokera pomwe fataleza anakwera mtengo koopsa mu 2021 ndi 2022, mashelefu a m'masitolo a zaulimi muno mu Lusaka asintha nkhope. Yendani mu Cha Cha Cha Road kapena mu Freedom Way, mutsikire cha ku Soweto. Pomwe kale pankangokhala mbewu za repu ndi mankhwala a mbozi, lero pali mbwee mabotolo obiriwira ndi akuda, ena a lita imodzi, ena a malita 5, onse akulonjeza mizu yambiri, mbewu zopirira chilala ndi zokolola zosefukira. Pachikuto amalemba kuti biostimulant, koma ogulitsa ndi alimi amangoti booster.

Ine ndimakhala ku Chilenje, koma kandalama kanga kena kali m'dimba la nzimbe la alamu anga cha ku Chongwe. Ogwira khasu ndi iwowo. Ine ndimasunga mabuku, kugula zofunika kuno kutauni ndi kusaka ogula nzimbe zikakhwima. Popeza ndinadutsako pa NRDC, koleji ya zaulimi ya muno mu Lusaka, ndisanalowe ntchito ina, funso lililonse la botolo limagwera ine. "Alamu, mnyamata wa m'sitolo akuti tikathira ameneyu tichepetse yuriya ndi theka. Inu mukuti bwanji?" Yankho langa silinasinthe: booster tigule ndithu, koma thumba la fataleza lisachoke pa bajeti, ndipo tidziwe tsiku lomuthira. Pa nzimbe, botolo lomwelo likhoza kubweza ndalama mu Ogasiti n'kungoimwaza mu Febuluwale.

Mayiko a European Union analemba lamulo mu 2019, la nambala 2019/1009, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Julayi 2022, ndipo m'mene anafotokozera zinthuzi ndimakondwa namo chifukwa mumatseka pakamwa otsatsa malonda. Amati biostimulant ndi chinthu chothandiza chomera kugwiritsa bwino ntchito chakudya, kupirira ludzu, kutentha kapena mchere wa m'nthaka, kukometsa zokolola, kapena kumasula chakudya chomwe chamangika m'dothi, ndipo chimachita zimenezi mosadalira chakudya chili m'botolomo. Ndiye kuti botololo palokha silidyetsa mbewu. Lili ngati tsabola pa ndiwo: amautsa mudyo, nsima imatsika yambiri, koma mukaika tsabola yekha pa mphasa ana agona ndi njala. Tsono nzimbe ndi mbewu yadyera. Hekitala yotulutsa matani 100 imafuna nayitrojeni woposa makilogalamu 100, ndi potashi wochuluka kuposa pamenepo. Malita awiri a madzi akuda sangalowe m'malo mwa zonsezo, ngakhale mnyamata wa m'sitolo alumbire motani.

Kuti muone pomwe booster angagwire ntchito, muyenera kufukula nzimbe. Sitibzala njere, timabzala zidutswa za phesi, chilichonse cha maso awiri kapena atatu. Pakatha masabata atatu kumbani chidutswa chimodzi, muchitsuke m'ndowa. Mudzaona timizu tating'ono kwambiri, tanthambinthambi, titazungulira mfundo, ndipo pa diso patatuluka mphukira yosongoka. Timizu timeneto ndi tongogwirizira, pakapita miyezi iwiri kapena itatu timafa. Mizu yeniyeni, yoyera ndi yonenepa, imadzatuluka pambuyo pake m'tsinde mwa mphukirayo. Pakati pa nthawi ziwirizi kambewuko kamadalira shuga ndi madzi a m'chidutswa chomwecho. Nthaka ikazizira, monga imachitira mu Juni ndi Julayi, maso amachedwa kudzuka ndipo nkhungu imalowera poduka paja. Mukang'amba chidutswa chotere mkati mumakhala mofiira kapena mwakuda, fungo lake ngati la chinanazi chopsa kwambiri. Pomwe pafa diso pamakhala mpata mu mzere, ndipo mpatawo mudzakhala nawo zaka zonse zomwe chitsacho chidzakhale m'munda.

Zikamera, nzimbe zimabereka ana ambirimbiri pa phando limodzi. Masamba akatsekana pamwamba, ana ofooka amafa, nthawi zambiri pafupifupi theka. Zokolola zonse zimachokera pa zinthu ziwiri basi: mapesi angati apulumuka, ndipo lililonse likulemera bwanji. Mizu ikalowa pansi msanga, opulumuka amachuluka. Mukadula nzimbe, nkhani yomweyo imabwerezeka pa chitsa: mizu yakale imayamba kufooka, mphukira zatsopano ziyenera kupanga yawo. Choncho nthawi zomwe booster ali ndi chochita ndi pobzala, pobereka ana, ndi masabata oyamba chitsa chikadulidwa. Kupopera nzimbe yotalika kuposa munthu, pakati pa dzinja, ikukula kale mwamphamvu, ndi kuthandiza wosafuna thandizo.

Mabotolo ambiri omwe muwaone ndi a ndere za m'nyanja yamchere. Pali mitundu iwiri yotchuka. Ecklonia maxima imamera m'madzi ozizira a kugombe la kumadzulo kwa South Africa, ndipo imatalika mamita ambiri kuchokera pansi pa nyanja mpaka pamwamba. Kelpak, yomwe alimi akuluakulu amaidziwa, imapangidwa kuchokera ku imeneyi. Ina ndi Ascophyllum nodosum ya kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, yomwe amakolola ku Canada, Ireland ndi Norway. Kale anthu ankaganiza kuti mphamvu yake ili m'michere yokulitsa mbewu (mahomoni) yomwe ili m'nderemo. Kenako akatswiri anapeza kuti michereyo ndi yochepa kwambiri, ndipo zomwe zimagwira ntchito kwenikweni ndi zinthu zina monga alginate, laminarin ndi mannitol, zomwe zimautsa chomera kuti chipange michere yakeyake ndi kukonzekera zowawa. N'chifukwa chake muyezo wake umakhala wochepa, ndipo kuwirikiza muyezo sikuwirikiza zokolola. Alamu anga zimenezi zinawavuta kulandira. Kwa munthu wozolowera manyowa, chochuluka ndiye chabwino.

Ife tinayesa poviika zidutswa m'madzi a ndere tisanabzale, mizere ina yoviika, ina yosaviika, mosinthanasinthana. Yoviika inamera msanga ndiponso mofanana, mipata inachepa. Pokolola, kumunsi kwa dimba komwe dothi ndi lakuda ndipo chinyezi sichitha, kusiyana kwake kunali kosaoneka ndi maso. Kumtunda kwa mchenga ndiye kunaoneka: mapesi anachulukirapo pa phando. Zimenezi zikugwirizana ndi zomwe zimadziwika za mankhwalawa, kuti amaonetsa mphamvu pomwe mbewu ili pa mavuto pang'ono, osati pomwe zonse zili bwino kapena pomwe zonse zaipiratu. Kumbukiraninso kuti Zambia ilibe nyanja yamchere. Ndere zonse za m'mabotolo zachokera kunja, zambiri kudutsa pa zipata za m'malire monga Chirundu, Kazungula kapena Nakonde, ndipo mtengo wake umavina ndi dola.

Za humic acid ndi fulvic acid, omwenso amagulitsidwa ngati booster, sindichedwapo. Ambiri amapangidwa kuchokera ku leonardite, mwala wofewa wokhala ngati malasha osakhwima. Amathandiza dothi kugwira chakudya ndi kumasula fosifolasi. Pa mchenga wosauka ali ndi ntchito. Pa dothi lakuda la kudambo, lomwe ladzaza kale ndi zowolerana, mukugula chomwe muli nacho.

Nkhani yomwe imandikoka mtima ndi ya mabakiteriya. Ife a kum'mawa kwa Zambia tikudziwa inokyulanti wa soya, mabakiteriya opaka ku mbewu pobzala, yemwe amapangidwanso ku Mount Makulu ku Chilanga, ku likulu la ZARI, bungwe la boma lofufuza zaulimi. Mukazula soya mumaona timatuza pa mizu, ndipo m'menemo ndi momwe mabakiteriya amakoka nayitrojeni wa mumpweya. Nzimbe ilibe timatuza totero, choncho kwa nthawi yaitali palibe ankaiganizira. Koma ku Brazil anthu ankadabwa kuti minda ina ya nzimbe inkabereka zaka zambiri ndi fataleza wochepa. Mayi wina wasayansi, Johanna Döbereiner, yemwe anabadwira ku Czechoslovakia mu 1924 n'kukagwira ntchito moyo wake wonse ku Brazil, anatsatira funso limeneli. Mu 1988, iye ndi Vladimir Cavalcante analengeza za bakiteriya wokhala mkati mwenimweni mwa nzimbe, m'mizu ndi m'phesi, yemwe lero amatchedwa Gluconacetobacter diazotrophicus. Kanthu kameneka kamakonda shuga wambiri yemwe akhoza kupha mabakiteriya ena, ndipo kamayenda kuchoka m'munda kupita m'munda wina kudzera m'zidutswa zomwe timabzala. Pambuyo pake bungwe la Embrapa, lofufuza zaulimi ku Brazil, linasakaniza mitundu isanu ya mabakiteriya otere kukhala inokyulanti wa nzimbe.

Apa ndi pomwe otsatsa malonda amathamangira kunena kuti yuriya watha ntchito. Asanatero akanamva za kafukufuku wa ku South Africa wa mu 2005, yemwe anapeza kuti pa mtundu wa nzimbe womwe anayesa kumeneko, nayitrojeni wochokera ku mabakiteriya sanali gawo lalikulu la chakudya cha mbewuyo. Zimadalira mtundu wa nzimbe, dothi ndi chinyezi. Phindu lomwe limaoneka kawirikawiri ndi la mizu: mabakiteriya monga Azospirillum amatulutsa auxin, mchere wokulitsa mizu, mizu imachuluka, ndipo mbewu imatola bwino fataleza yemwe mwathira. Palinso china chosangalatsa. Mukathira nayitrojeni wochuluka kwambiri, mabakiteriya a mkati mwa nzimbewa amachepa. Ndiye njira yanzeru ndi kutsitsa yuriya pang'onopang'ono pa mizere yochepa, mukuyeza, m'malo modula theka tsiku limodzi pa munda wonse.

Vuto la zamoyo n'lakuti zimafa. M'sitolo ina muno mutauni ndinapeza mabotolo a mabakiteriya ataikidwa pa windo, dzuwa la Okutobala likuwaotcha, tsiku lothera ntchito litafufutika. Nditafunsa, mayi wogulitsa anangoti, "Atate, onse amagula omwewa, palibe wabweza." Angabweze bwanji, poti munthu sangaone ndi maso kuti wagula madzi a mitembo? Chomwechonso ndi Trichoderma, nkhungu yabwino yoteteza mizu. Zamoyozi musazisungunule m'madzi a pa mpopi okhala ndi klorini, musazisakanize ndi mankhwala a kopa kapena ena opha nkhungu, ndipo sipuleya yomwe munapopera mankhwala a udzu dzulo isayandikire. Madzi a pachitsime, nthawi ya madzulo, dothi lili lonyowa.

Pali booster wina wosagula. Masamba a chamwamba, mtengo womwe ambiri amautcha moringa, ali ndi zeatin, mchere wothandiza kuphukira. Amasinja masamba anthete, kufinya, kusefa pa nsalu, n'kusungunula gawo limodzi m'magawo pafupifupi 30 a madzi, n'kupopera m'mawa tsiku lomwelo. Kafukufuku wambiri wa madzi a chamwamba anachitika pa tirigu, chimanga ndi ndiwo zamasamba, choncho pa nzimbe ndimawaika m'gulu la zoyesa pa mizere iwiri. Sawononga ndalama, amangodya nthawi ya mlamu wanga wamkazi yemwe amasinja, ndipo iye ananena poyera kuti mtondo wake si fakitale.

Tikapita ku Mazabuka, makilomita pafupifupi 130 kuchokera muno, nkhani imakula. Ku Nakambala, komwe Zambia Sugar yakhala ikupanga shuga kuyambira m'zaka za m'ma 1960, nzimbe zimathiriridwa ndi madzi a mu Kafue ndipo zimapitirira matani 100 pa hekitala. Fakitale ya shuga imatulutsa zotsalira zomwe kwa ine ndi zamtengo kuposa mabotolo ambiri. Pali matope otsala posefa madzi a nzimbe, makilogalamu 30 mpaka 40 pa tani iliyonse ya nzimbe, odzaza fosifolasi, kashiamu ndi zowolerana. Mukawaika mu ngalande yobzalamo atawola bwino, amasunga chinyezi pa chidutswa ndi kudyetsa tizilombo tabwino ta m'nthaka. Pali molasesi, wokhala ndi potashi. Palinso phulusa la zinyalala za nzimbe zomwe amasonkhezera moto m'fakitale, momwe muli silikoni.

Silikoni anthu samutchula, chonsecho nzimbe imamutenga wambiri, nthawi zina kuposa nayitrojeni. Amalimbitsa khungu la phesi ndi masamba. Ku Mauritius ndi ku Hawaii anaona kalekale kuti pa dothi lotopa, lokokoloka ndi mvula, kuthira silikoni kumakweza zokolola. Ku SASRI, malo ofufuza za nzimbe ku Mount Edgecombe pafupi ndi Durban, komwe kumachokera mitundu ya nzimbe yoyamba ndi N monga N19 ndi N25, anasonyeza kuti silikoni amachepetsa kuboola kwa mbozi ya eldana. Ife a ku Chongwe matope a ku fakitale ali nafe kutali, mtengo wa lole ungadye phindu lonse. Chomwe tili nacho pafupi ndi zitosi za nkhuku za m'mafamu ozungulira, ndi masamba a nzimbe zathu zomwe. Alamu anasiya kutentha masambawo. Amawayala pakati pa mizere, ndipo mukalowetsa dzanja pansi pake masana a Okutobala mumapeza dothi lozizira, lonyowa, nyongolotsi zili yakaliyakali. Mabakiteriya ogula aja akafika pa dothi lotere amapeza pokhala. Pa dothi lotenthedwa, louma gwa, amangofa.

Tisaiwale kuti "zokolola" za mlimi wa ku Kaleya, Magobbo kapena Manyonyo, komwe alimi amalimira fakitale ya ku Nakambala, ndi za alamu anga n'zosiyana. Wopereka nzimbe ku fakitale amalipidwa potengera shuga yemwe angatuluke m'nzimbemo. Kwa iye, chilichonse chopangitsa nzimbe kupitiriza kuphuka masamba nthawi yokhwima n'chomuwonongera, chifukwa nzimbe imasunga shuga ikasiya kukula, m'miyezi yozizira ndi youma. N'chifukwa chake amasiya kuthirira kukatsala masabata angapo kuti adule, ndipo nayitrojeni kapena booster wochedwa amatsitsa shuga ngakhale matani akwere. Ife timagulitsa nzimbe zotafuna. Amayi ogula pa Soweto sayeza shuga ndi makina. Amayang'ana kunenepa kwa phesi, kutalika kwa mphindi, kufewa kwa khungu, amathyola kumapeto n'kulawa. Silikoni wolimbitsa khungu uja, yemwe ndi mnzake wa mlimi wa ku Mazabuka, kwa ife akachuluka akhoza kutichotsera ogula, poti palibe afuna kusiya dzino mu nzimbe. Botolo silinena zimenezi. Limangoti "sugarcane", ngati nzimbe zonse zimapita msika umodzi.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa malire a zonsezi. Mvula inadula pakati pa dzinja, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko. Madzi atatsika ku Kariba magetsi anayamba kuzima maola ochuluka, mapampu n'kuima. Nzimbe imafuna madzi a mamilimita 1,500 mpaka 2,500 pa nyengo yake yonse, pomwe Lusaka pa chaka chabwino amalandira pafupifupi 800. Pokolola chaka chimenecho alamu ananyamula phesi limodzi n'kundiwerengera ndi chala. Kumunsi mphindi zinali zazitali, zonenepa. Pakati panali zisanu kapena zisanu ndi imodzi zopanikizana, zazifupi, zowonda. "Apa ndi pomwe mvula inathawa, alamu. Apa ndi pomwe tinabwereka pampu ya dizilo." Kuchokera pamenepo mphindi zinayambanso kutalika. Mizere yomwe inalandira ndere inachira msanga madzi atabwerera, masamba sanapse kwambiri. Koma mphindi zazifupizo zinalipo m'mizere yonse, yopopera ndi yosapopera. Booster amagulira mbewu masiku ochepa. Sagula mwezi.

Chinanso chomwe botolo silingachize ndi mbewu yodwala. Pali matenda ofooketsa zitsa, omwe akatswiri amawatcha RSD, obwera ndi bakiteriya wotseka mitsempha ya madzi m'phesi. Kunja sikuoneka chilichonse, nzimbe zimangofupika ndi kuwonda chaka ndi chaka. Amafala ndi chikwanje podula. Mafamu akuluakulu amaviika mbewu m'madzi otentha madigiri 50 kwa maola awiri asanabzale ku nazale, ndipo amatsuka zikwanje ndi mankhwala. Gawo lina la dimba lathu, la zitsa zakale zomwe mbewu yake inachokera kwa mnansi, silinamve ndere, silinamve mabakiteriya, silinamve chamwamba. Tinazula, n'kubzalamo nyemba kaye kuti dothi lipume. Chimodzimodzi chikungu chakuda chomwe chimatuluka kunsonga ngati chikwapu: phando lotero ndi lozula ndi kutentha, osati lopopera.

Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti botolo lamubwezera ndalama? Maso amanama, makamaka maso a munthu yemwe walipira kale. Masamba akhoza kubiriwira sabata imodzi chifukwa m'botolomo anaikamo nayitrojeni pang'ono kapena ayironi, koma kubiriwira sikulemera pa sikelo. Ife timasiya mizere yosathira pakati pa yothira, kumtunda ndi kumunsi komwe, chifukwa dothi la dimba limodzi silifanana. Timakhoma zikhomo, ndimalemba m'buku. Ana akatha kufa timawerenga mapesi pa mamita 10 a mzere. Pokolola timamanga mitolo ya mizere iwiriyo payokhapayokha n'kuipachika pa sikelo ya mbedza, kenako timaona kuti ndi mapesi angati omwe alowa m'gulu la mtengo wapamwamba. Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutsekemera kwa madzi a nzimbe angayezenso. Zikatero ndimachotsa mtengo wa botolo, wa thiransipoti ndi wa mnyamata wopopera. Alamu amaseka kuti ndimawerenga nzimbe ngati ndalama za tchalitchi, koma poti mbewu yake imatenga chaka kuti iyankhe, amavomereza okha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dothi lathu tinakalipimitsa, ndipo linapezeka lowawasa kumtunda kuja. Pa dothi lowawasa fosifolasi amamangika ndipo mizu imalephera kulowa pansi, choncho ndalama yoyamba chaka chino yapita ku laimu, yemwe muno mu Zambia ngwosavuta kupeza. Yachiwiri yapita ku mbewu yoyera kuchokera ku nazale yodalirika, yachitatu ku D compound ndi yuriya monga mwa nthawi zonse. Ndere tagula botolo limodzi la lita, la kuviika zidutswa ndi kupopera kamodzi ana akayamba kutuluka, kumtunda kwa mchenga kokha. Mabakiteriya tiyesa pa mizere inayi, yuriya titamuchepetsa pang'ono pa iwiri mwa iyo, ngati ndipeze sitolo yowasunga pozizira ndi tsiku lowerengeka pachikuto. Humic acid sitigula.